Buku la hadikava limene linasunga mpira wa ana kwathu ku Bembeke

Ndine mphunzitsi wa pulaimale kuno kumapiri a Bembeke, m'boma la Dedza, ndipo madzulo ndimaphunzitsa ana mpira. Sindinapite kusukulu ya ukochi. Chimene ndili nacho ndi kherere, bwalo la sukulu lotsetsereka mbali imodzi, ndi buku lakuda la hadikava limene ndinagula pa Dedza boma. Ndikulemba chifukwa cha bukuli. M'midzi yambiri muli anzanga amene akusunga timagulu ta ana ta mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye, ndipo ena mwa iwo ali pamene ine ndinali kale: usiku akudzaza mafomu a bungwe, m'mawa akutumiza zithunzi pa WhatsApp, osadziwa kuti chiswe chalowa kale m'mitengo ya denga.

Tinayamba sukulu zitatsegulidwanso kumapeto kwa 2020. Mukukumbukira kuti boma linatseka sukulu zonse mu Malichi chaka chimenecho chifukwa cha Covid-19, ndipo ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Atabwerera, malo ena m'makalasi a sitandade 6, 7 ndi 8 anali opanda eni. Atsikana ena anali ndi pakati, ena atalowa m'banja, anyamata ena atazolowera ndalama ya ganyu wokweza matumba a kachewere m'magalimoto pamsewu wa M1. Ine ndi mphunzitsi mnzanga wamkazi tinaganiza kuti mwina mpira ungakokere ena kusukulu. Tinayamba ndi chikulunga cha majumbo ndi mpira umodzi wachikopa wosokedwa kangapo.

Chaka chotsatira kunabwera bungwe lina lochokera ku Lilongwe. Sindilitchula dzina, chifukwa anthu ake anabwera ndi mtima wabwino, ndipo cholakwa chimene ndikufuna kunena ndi changa. Anatipatsa mipira, majezi ndi pampu, n'kutitengera kuboma kukaphunzira masiku atatu. Anatipatsanso fomu yodzaza mwezi ndi mwezi, imene iwo ankaitcha ya kalondolondo. Inkafunsa kuti ana amene tawafikira ndi angati, anyamata angati, atsikana angati, takumana kangati, takambirana mitu ingati ya zaumoyo, ndipo pamapeto pake tiikepo zithunzi. Pamwamba pa fomuyo panali chiwerengero chimene tinayenera kufikapo, komanso mawu akuti theka la anawo akhale atsikana.

Miyezi yoyamba chiwerengerocho chinkakwana chokha. Majezi atsopano amaitana ana kuposa belu. Koma mvula itayamba, ana anayamba kuchepa, makamaka atsikana, ndipo ine ndinachita mantha. Ndinkaganiza kuti ndikalemba zoona, a bungwe aona ngati talephera, atenga mipira yawo kupita nayo kusukulu ina. Choncho ndinayamba kuwerenga aliyense amene wafika pabwalo, ngakhale mwana woti wangoima pachulu kuonerera ali ndi mng'ono wake kumbuyo. Kenako ndinasiya n'kuwerenga komwe. Usiku woti mawa lake fomu ikufunika, ndinkayang'ana ya mwezi wathawo n'kusintha pang'ono manambala kuti asafanane. Palibe amene anandiuza kuti ndiname. Ndinanama ndekha, ndipo ndinkadziuza kuti ndikuchitira ana.

Tsiku limene alendo ankabwera kudzayendera linkadziwika kusanache. Tinkalengeza pamzere m'mawa, ana onse ankatsala akaweruka, majezi ankachapidwa, amayi ankaimba nyimbo. Alendo ankajambula, ankaombera m'manja, ankakwera galimoto dzuwa lisanapendeke kuti akafike ku Lilongwe kusanade. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Zimene zinkafika kuofesi kwawo zinali za m'maluwa ndithu, ndipo wozitchola anali ine.

Polojekiti itatsala pang'ono kutha, kunabwera mayi wina amene sanali wa bungwelo. Anamulemba ntchito yoti adzaunike ngati zimene anafuna zinachitika. Iye sanafune nyimbo. Anapempha kaundula woyamba uja, wa ana amene tinawalemba tsiku loyamba, n'kukhala pansi pa mtengo ndi atsikana okhaokha, ife aphunzitsi tili patali. Atatha anandiitana, kaundula ali pamiyendo, chala chili pa dzina lina.

"Aphunzitsi, mwana uyu anasiya liti kubwera?"

Ndinati ndikuganiza kuti amabwerabe nthawi zina.

"Anzake akuti anakwatiwa tsidya, ku Mozambique, chisanu chathachi. Nanga uyu?"

Ameneyo anali ku Lilongwe, akugwira ntchito yam'nyumba. Wina anali pakhomo pomwepo, pamtunda woti ndikanayenda wapansi osatuluka thukuta, ali ndi khanda. Pa mayina a atsikana amene anawerenga, oposa theka anali atasiya kalekale, koma pa mafomu anga onsewo anali "ofikiridwa" mpaka mwezi umenewo. Mayiyo sanandikalipire. Anangoti, "Fomu ija ndi yathu, aphunzitsi, timapita nayo. Inuyo chanu chotsala kuno n'chiyani, chimene chingakuuzeni kuti mwana wasowa?" Ndinalibe yankho. Usiku umenewo sindinagone bwino. Mtsikana wa tsidya uja anali woponya bwino kuposa onse pagoli la ntchemberembaye, ndipo ine ndinali nditamulemba kuti alipo kwa miyezi yonse imene akwawo ankakambirana za ukwati wake. Ndikanadziwa sabata yoyamba, ndikanapita kwa amfumu. Malamulo analipo kale kumbali yathu: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo m'boma lathu lomwe lino Inkosi Kachindamoto ya ku Mtakataka inatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Chimene chinasowa si lamulo ayi. Kunasowa munthu woona kuti pamzere pali mpata.

Polojekiti inatha pa nthawi imene inalembedwa kuti idzatha. Sindikunena kuti bodza langa ndi limene linaithetsa. Ndalama zake zinali za zaka zowerengeka basi, ndipo mlendo ndi mame. Koma zimene zinachitika pambuyo pake zinachokera m'kusalemba kwanga. Mipira inaphulika umodziumodzi, ndipo palibe ankadziwa kuti inalipo ingati poyamba. Majezi anabalalika, ena ndinkawaona atavalidwa ndi abambo akuthirira kudimba. Kenako mphekesera inayamba yakuti bungwe linasiya ndalama zopitirizira mpira ndipo aphunzitsi adya. Panalibe tambala imene inasiyidwa, koma ndikanaonetsa chiyani? Mapepala onse anali ku Lilongwe. Munthu wosadya ndi munthu wakudya amafanana nkhope ngati onse alibe cholembedwa. Makolo ena analetsa ana awo kubwera, ndipo panadutsa teremu yathunthu bwalo lili la mbuzi.

Amfumu ndi amene anatiitanitsa. Ndinapita ndi mnzanga uja ndi mayi wapampando wa gulu la amayi a pasukulu, lija timalitcha mother group. Ndinafotokoza zonse, ndi za mafomu zomwe. Amfumu anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi, za ndalama ndakumvani, ndipo ndakukhulupirirani. Koma mudzi sungakhulupirire ndi pakamwa panga. Mukayambiranso, chilichonse chizilembedwa, ndipo chiziwerengedwa pano anthu akumva." Loweruka lake ndinakwera kabaza kupita kumsewu, n'kukagula hadikava ija.

Mmene tinaligawira bukuli ndi mophweka. Kutsogolo kuli mayina a ana, aliyense mzere wake, ndi kalasi yake, mudzi wake ndi chaka chobadwa. Tsiku lililonse la masewero timachonga amene wabwera. Amene sanabwere timasiya mpata. Wochonga si ine, ndi makaputeni awiri, mnyamata ndi mtsikana, ine ndimangosaina pansi. Pamwamba pa tsikulo timalemba nthawi imene anyamata ayamba ndi imene atsikana ayamba. Ndipo tinapangana lamulo limodzi, limene ndimaliona kuti ndilo mtima wa ntchito yonseyi: mipata itatu yotsatizana, wina apite kwawo kwa mwanayo sabata yomweyo. Akakhala mtsikana, opita ndi amayi a mother group, akakhala mnyamata ndimapita ine kapena bambo wina wa komiti ya sukulu. Sitipita kukakalipa. Timapita kukapereka moni, n'kunena kuti anzake amusowa.

Patatha matemu awiri, bukulo linayamba kutiuza zinthu zimene tinkakhala nazo tsiku ndi tsiku koma osaziona. Mukatsegula masamba angapo n'kuyang'ana mipata yokha, imaoneka ngati mizere ya m'munda. Tsiku la msika mipata inkachuluka mbali zonse, chifukwa ana amaperekeza makolo kukagulitsa kabichi, tomato ndi kachewere. Ine ndinali nditaika masewero pa tsiku limenelo kwa zaka ziwiri, n'kumadandaula kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Tinangosuntha tsiku. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, ana ochokera kumidzi yakutali ankasowa, ndipo amene abwera ankakhala pansi pasanathe theka la ola. Mwana amene wachoka m'mawa osadya sangathamange madzulo. Miyezi imeneyo tinachepetsa masewero kukhala kamodzi pa sabata, ndipo amayi anayamba kusonkha ufa wa phala la tsiku limenelo lokha. Nthawi yokumba kachewere anyamata akuluakulu amapita ku ganyu. Pamenepo sitilimbana nawo, timangodziwa kuti abwerera, ndipo amene sanabwerere ganyu atatha ndi amene timamulondola.

Koma chimene chinandichititsa manyazi kwambiri chinali nthawi zija tinkalemba pamwamba. Bwalo lathu ndi limodzi. Anyamata ankathamangira pomwepo akangoweruka, ndipo atsikana amene ankafuna malo ankadikira. Bukulo linaonetsa kuti pafupifupi tsiku lililonse atsikana ankayamba mochedwa ndi ola lathunthu kapena kuposa. Kuno ku Dedza mu Juni ndi Julaye dzuwa silichedwa kulowa, nkhungu imatsika m'phiri, ndipo chisanu chake mumachidziwa. Mtsikana woyamba masewero mochedwa amafika kwawo kuli mdima, madzi osatunga, moto osakoleza. Mayi wina amene tinapita kwawo ananena mosabisa: "Aphunzitsi, ine mpira sindidana nawo. Koma mwana wamkazi wobwera usiku kudzera kumanda kuja, mukufuna ndidzamve zotani?" Analondola mayiyo. Tinatembenuza: atsikana amayamba, anyamata amadikira, ndipo atsikana amanyamuka dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, a mudzi umodzi pamodzi. Anyamata anang'ung'udza sabata ziwiri, kenako anazolowera.

Panalinso mipata ina imene ine mwamuna sindikanaimvetsa. Mnzanga wamkazi ndi amene anaona kuti atsikana osinkhuka amasowa masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo ikadutsa miyezi itatu kapena inayi amasowa osabweranso. Amayi a mother group atacheza nawo anapeza kuti nkhani ndi ya kumwezi: palibe pobisala posinthira, masiketi a masewero ndi aafupi, ndipo anyamata amaseka. Amayiwo ankasoka kale nsalu zochapa zothandizira atsikana kusukulu. Anangowonjezera za timu, nasokanso makabudula ofika m'mawondo ovala mkati. Aphunzitsi aakulu anatipatsa kiyi wa kachipinda kena. Tsopano pamasewero aliwonse a atsikana pamakhala mayi mmodzi wa m'mudzi atakhala pambali, mosinthana. Kukhalapo kwake kokha kunabweza ana amene makolo awo anawaletsa. Zonsezi sizinafune ndalama ya bungwe lililonse. Zinafuna kuti wina aone mpata n'kufunsa.

Pano ndichenjeze anzanga pa chinthu chimodzi. M'buku lotere musalembe zinsinsi za mwana. Ife pa mzere wa mwana amene tamuyendera timangolemba kuti "tafikako" ndi tsiku. Zakuti ali ndi pakati, kapena kunyumba kuli nkhanza, kapena akumwa mankhwala, zimakhala ndi amayi aja ndi aphunzitsi aakulu, amene amadziwa kokatula nkhani zotere. Bukuli limagwiridwa ndi ana ndipo limawerengedwa pagulu. Zithunzi nazonso sitijambula mwana n'kutumiza kwa anthu popanda makolo ake kudziwa. Kale ndinkangojambula, ndipo sindidziwa kumene nkhope za ana aja zinakafika.

Kumbuyo kwa bukulo, kuyambira tsamba lomaliza kubwerera, ndi kwa katundu ndi ndalama. Mpira uliwonse tinaulemba nambala ndi penti, ndipo m'buku muli tsiku limene unayamba kugwira ntchito ndi tsiku limene unatha. Jezi imatuluka ndi dzina, imabwera ndi dzina. Ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka imasainidwa ndi anthu awiri, ndipo wosunga si ine. Ndi mayi wina amene amasunganso bokosi la banki m'khonde m'mudzimo, munthu woti anthu anamuyesa kale. Kumapeto kwa teremu timapita kwa amfumu, makolo amabwera, kaputeni wa atsikana amaimirira n'kuwerenga mokweza: talandira zakuti, tagula zakuti, zatsala zakuti, mipira yamoyo ilipo yakuti. Ulendo woyamba anthu anabwera kudzagwira wakuba. Ulendo wachitatu bambo wina amene anali patsogolo pa mphekesera ija anaimirira n'kunena kuti ali ndi kachigawo ka dimba kamene sakulima, timu ikhoza kubzalamo kachewere. Makolo ndi amene amalima dimbalo Loweruka, ana amangothandiza kukolola. Ndalama yake si yambiri, koma ndi yathu, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kulemba moyo wa mpira kunaoneka ngati chinthu chachabe, koma kunatithandiza pamene zinthu zinavuta. Bwalo lathu ndi la miyala, ndipo tinapeza kuti mpira wotsika mtengo sutha teremu, pamene wokwererapo pang'ono, ukamasokedwa msanga ndi wosoka nsapato wa pamsika, umadutsa matemu awiri. Kale tinkagula wotchipa poganiza kuti tikusunga ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo ya mipira inakwera nthawi yomweyo. Chifukwa tinkadziwa mipira imene timadya pa chaka, tinakhala pansi sabata yomweyo n'kugwirizana kuti mpira wachikopa ukhale wa akuluakulu ndi wa masiku a mpikisano, ang'onoang'ono abwerere ku chikulunga, ndipo Loweruka lina ana onse anatola miyala pabwalo. Matimu awiri oyandikana nafe anaima nthawi imeneyo. Ife tinapitirira, mopepuka koma osaima.

Kuchonga mayina ndi kuwerenga mipira ndi kalondolondo wa tsiku ndi tsiku. Palinso kuunika, kumene ndi kukhala pansi n'kufunsa ngati zonsezi zikupita kumene tinkafuna. Ife timachita kamodzi pa teremu, ndipo ndinatengera kwa mayi uja anakhala pansi pa mtengo. Ana amakhala paokha ndi munthu amene si kochi wawo, n'kufunsidwa zinthu zitatu: chikukusangalatsani n'chiyani, chikukuwawani n'chiyani, ndipo mnzanu amene anasiya anasiyiranji. Mayankho amabwera kwa ife opanda mayina.

Kumeneko ndi kumene ndinamva za ine mwini. Ana anati aphunzitsi ali ndi ana awo. Pa masewero ndi sukulu zina ndinkaseweretsa omwewomwewo, odziwa mpira, chifukwa ndinkafuna kupambana. Enawo ankanyamula madzi. Nditabwerera m'buku ndinaona kuti anyamata ambiri amene anasiya anali oti sanalowepo m'bwalo pa mpikisano ngakhale kamodzi. Zinandipweteka, chifukwa ndinkadziona ngati bambo wa onse. Tinawonjezera kachizindikiro m'buku kosonyeza amene wasewera pa mpikisano, ndipo tinapangana kuti mwana aliyense wobwera mokhulupirika alowe m'bwalo teremu isanathe. Tagonjapo masewero ena chifukwa cha pangano limeneli. Makolo ena okonda chikho sanasangalale, ndipo ndimawamvetsa, pakuti kupambana kumakoma. Koma ine ndinayamba mpirawu kuti ana akhale pasukulu, ndipo mwana wonyamula madzi chaka chonse sakhala.

Kuunika komweko kunatiuzanso kuti atsikana ena sankafuna ntchemberembaye. Ife tinangoganiza tokha kuti mtsikana ndi wa mpira wa manja, poti dziko lino limanyadira ma Queens ndi osewera ngati Mwai Kumwenda. Koma ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino ya mpira wa miyendo, atatenga chikho cha COSAFA mu 2023, Temwa Chawinga akugoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense pa mpikisanowo, atsikana athu anamva pa wailesi ndipo anati nawonso akufuna wa miyendo. Tinayambitsa timu yawo, ndipo inakoka atsikana ena amene sanabwerepo n'kale lonse. Anyamata nawo ali ndi owayang'anira pafupi: kuchokera pamene Dedza Dynamos inalowa mu Super League mu 2022, mwana wa kuno amadziwa kuti mpira waukulu umaseweredwa pa boma pake pomwe.

Si zonse zimene bukuli linasunga. Tinatsegula kagulu ka ana ang'onoang'ono kumudzi wina wakutali, koma masamba ake anakhala oyera masabata ambiri chifukwa kunalibe wamkulu wokhazikika. Titaunika tinagwirizana kukatseka, mipira yake n'kubwerera kuno. Kale ndikanakasunga pa pepala kuti chiwerengero chioneke chachikulu.

Ndinenenso mosamala za zotsatira. Atsikana a m'timu amene afika sitandade 8 n'kulemba mayeso achuluka poyerekeza ndi zaka zoyamba zija. Mayina awo ali m'buku ndipo ndikhoza kuwaloza mmodzimmodzi. Koma sindinganene kuti ndi mpira wokha. Amayi a mother group amagwira ntchito yawo, mafumu akulimbikira za maukwati a ana, ndipo mwina ana amene amakhalitsa m'timu ndi omwe makolo awo anali kale ndi chidwi ndi sukulu. Chimene ndingaikire umboni ndi chochepa koma cholimba: kupatula anyamata a ganyu aja, palibenso mwana wa m'timu amene wasowa katatu motsatizana popanda munthu kugogoda pakhomo pake. Awiri mwa amene tinawapeza ukwati ukukambidwa ali m'kalasi lero. Mmodzi tinachedwa, ngakhale tinapita.

Za mabonanza ndingodutsa mwachangu. Chaka cha chisankho chikayandikira, zikho zimamera ngati bowa, ndalama zake zooneka, ndipo mavoti akawerengedwa zimafota. Timasewera nawo, sitikana, koma ndalama imene tapata imalowa m'buku ngati ina iliyonse, ndipo sitiiwerengera pokonza za chaka chamawa. Pa mipikisano ya ana pamakhalanso vuto la zaka, anyamata a ndevu kusewera ngati ana. Ife chaka chobadwa timachitenga m'buku la kusikelo la mwana pomulemba koyamba, ndiye mkangano ukabuka timangotsegula tsamba.

Chaka chatha kunabwera bungwe lina kudzafufuza sukulu zoti ligwire nazo ntchito. Nthawi ino sitinaitane oimba. Tinawakhazika m'kalasi, tinaika hadikava patebulo, yoyamba yodzaza ndi yachiwiri yomwe tili nayo pano. Mnyamata amene anabwera anatsegula masamba nthawi yaitali, akufunsa za mipata, ife tikuyankha. Ndinamuuza kuti mafomu awo tidzadzaza, koma manambala adzachokera m'bukuli, ndipo mwezi wa njala adzakhala otsika. Ndinapemphanso kuti akadzaunika ntchito yathu, zimene apeza adzabwere nazo kuno adzatiuze pamaso pa makolo, chifukwa lipoti la mayi woyamba uja, limene linasintha moyo wanga, sindinalionepo ndi maso. Anavomera. Thandizo lawo ndi laling'ono poyerekeza ndi loyamba lija, ndipo nalonso lidzatha. Tsiku lake lotha tinalilemba kale kumbuyo kwa buku, kuti lisadzatidzidzimutse.

Kwa inu a mabungwe amene mungawerenge izi, pempho langa ndi lochokera pansi pa mtima. Munthu wa kumudzi akakutumizirani nambala yotsika, musamuopseze. Mufunseni chimene chachitika, chifukwa nambala yotsikayo ndi imene ili ndi nkhani. Mukamalipira chiwerengero chachikulu ndi kumwetulira, n'kulipira choona ndi nkhope yokwinya, mudzalandira zimene ine ndinkatumiza. Funsani zochepa, zimene ifenso zingatithandize. Ndipo kumbukirani kuti bandulo yotumizira zithunzi zija imachoka m'thumba la munthu wongodzipereka.

Chimene chimandidetsa nkhawa tsopano ndi china. Ife aphunzitsi timasamutsidwa. Kalata ikhoza kubwera teremu iliyonse. Matimu ambiri a kumudzi amafa tsiku limene munthu mmodzi wakwera galimoto ndi katundu wake. N'chifukwa chake bukuli silikhalanso kwanga. Limasungidwa ndi mtsikana wina wa m'mudzi momwemo amene anali m'gulu loyamba lija, analemba fomu 4, ndipo pano akudikira zotsatira za maphunziro ena. Iye ndi amene amaphunzitsa makaputeni kuchonga, ndi amene amawerenga mipata Lachisanu lililonse n'kuuza amayi koyenera kupita. Ndinadwala masabata atatu nthawi ya chisanu yapitayi, ndipo nditabwerera ndinapeza masamba onse odzaza, ndi "tafikako" awiri olembedwa ndi dzanja lake.

Lachisanu lapitali anabwera kunyumba madzulo, buku lili m'jumbo kuopa mvula. Anatsegula pa anyamata a sitandade 7, n'kuloza mzere wina wokhala ndi mipata itatu.

"Aphunzitsi, uyu si wa ganyu, kachewere sanakhwime. Anzake akuti agogo ake amene amakhala nawo akudwala."

Kwawo ndi kuseri kwa phiri, njira yake yoterera nyengo ino. Tagwirizana kuti ndipita mawa m'mawa ndi bambo wa komiti, ndipo amayi atipatsira kathumba ka ufa koti tinyamule.